Ulendo wa ku Chionetsero cha Zaulimi cha ku Harare

Achikumbe anzanga, chimanga chalowa m'nkhokwe, fodya wapita ku okushoni, ndipo ena a inu muli ndi kangachepe m'thumba. Ino ndiyo nyengo ya zionetsero. Chisanu chikamatha, chilimwe n'kuyamba kutentha, mizinda yaikulu ya m'maiko athu ano iitana alimi kuti adzaone ndi kuonetsa zimene nthaka yabala. Lusaka achita chionetsero chake kumayambiriro kwa August, Blantyre achita chake pa Chichiri, ndipo Harare achita chake kumapeto kwa August. Phunziro lathu la mwezi uno likunena za cha ku Harare, pakuti ndapitako kawiri. Koyamba, mu 2014, ndinapita monga mnyamata wokaona zodabwitsa, ndipo ndinabwerako ndi tsoka m'chikwama. Kachiwiri, mu 2024, ndinapita ndi alimi atatu a m'kalabu mwathu, kabuku ndi pensulo zili m'manja. Zimene ndinena pano zithandizanso iye amene ulendo wake uthera pa Chichiri.

Eni ake a chionetserochi ndi bungwe la Zimbabwe Agricultural Society, limene chiyambi chake ndi cha mu 1895, mzindawo ukali kamudzi kotchedwa Salisbury. Dzina la Harare linadza mu 1982. Akuluakulu athu amene anakagwira ntchito m'minda ya fodya ya kumeneko achikumbuka ndi dzina la Salisbury Show. Lero chitchedwa Zimbabwe Agricultural Show, ndipo chichitikira pa bwalo la Exhibition Park, m'mbali mwa msewu wa Samora Machel. Cha mu 2024 chinali cha nambala 114.

Za pa njira

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Harare pali mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Basi idzera ku Mwanza, ilowa m'dziko la Mozambique pa Zobue, ioloka Zambezi pa Tete, nilowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda. Muwerengere tsiku lathunthu, chifukwa pa zipata za malire pachedwetsa. Pasipoti ikhale m'thumba la m'kati. Kwacha sagula kanthu kumeneko. Anthu agulitsana ndi madola a ku America, ndiponso ndi ndalama yawo ya ZiG imene inayamba mu 2024. Za chinenero musade nkhawa kwambiri. Eni dziko ambiri alankhula Chishona, koma ku Mbare, ku Highfield ndi ku Mufakose mupeza ana ndi adzukulu a anthu a kwathu, ndipo malamulo aakulu a dzikolo a mu 2013 anawerengera Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka.

Chimene ndikupemphani n'chakuti musagone m'basimo. Phunziro liyambira pa zenera. Pa Tete muona malambe, nthaka youma ndi kutentha koti thukuta kamukamu. Mukapitirira Nyamapanda msewu uyamba kukwera, pa Mutoko muona mapiri a miyala, ndipo pofika ku Harare mudzafuna jekete, pakuti mzindawo uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Sungani zimenezi m'mutu. Mbewu zambiri zimene mukaone pa chionetsero zinakulira pamwamba pozizirapo, pamene mudzi wanu mwina ufanana ndi Tete.

Polowa pa chipata

Mukangolowa, makutu agontha. Uku zimkuzamawu, uku nyimbo, uku ana akukuwa pa makatungwe a makina, ndipo fungo la nyama yootcha likukokani mphuno. Zosangalatsa si tchimo ayi. Munthu amene wagwira khasu chaka chathunthu ayenera kusekako. Koma tsiku n'lalifupi ndipo bwalo n'lalikulu. Lowani m'mawa anthu asanachuluke, muyambe ndi za mbewu ndi ziweto mutu ukali wozizira, ndipo makatungwe muwaone madzulo.

Ndalama ya basi yobwerera muipatule musanatuluke m'nyumba imene mwagona. Mmodzi wa anzanga atatu aja, bambo wamkulu ndithu wa ana asanu, anaima pa kagulu ka anyamata ochita njuga ya makadi atatu m'mbali mwa msewu, tisanafike n'komwe pa chipata. Anaona munthu akupambana kawiri, osadziwa kuti wopambanayo ndi mnzawo wa eni makadi. Mphindi khumi zisanathe, ndalama yofanana ndi thumba la feteleza inali itapita. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tinachita kumusonkhera kuti abwerere kumudzi.

Chitsononkho cha mphotho

Tsono tifike pa mutu weniweni wa phunziroli. M'nyumba yoonetseramo zokolola mupeza zitsononkho za chimanga zoyalidwa bwino, zazitali ngati mkono wa mwana, mizere ya maso yowongoka, zodzaza kufikira kunsonga. Mtima udzagunda, ndipo mudzati, "Mbewu imeneyi ndiyo ndifuna." Dikirani. Dzifunseni poyamba kuti, kodi zitsononkho zimenezi zinafika bwanji pa tebulopo? Mwini wake anayenda m'munda wonse nasankha zowerengeka zoposa zinzake mwa zikwizikwi. Oweruza ayang'ana kufanana kwa zitsononkho, kuuma kwake, kudzaza kwa maso ndi kusakhala ndi chuku kapena zoboola za anankafumbwe. Zonsezi n'zabwino, koma palibe chimodzi chimene chikuuzani matumba amene anatuluka m'mundamo.

Tiyeni tichite masamu pang'ono, monga tinkachitira ndi ana m'kalasi ndisanalowe ntchito ya ulangizi. Ziwerengero za kulemera kwa chitsononkho ndaziika monga chitsanzo chabe. Mlimi woyamba aunga mizere yotalikirana masentimita 75, nabzala mbewu imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25. Pa hekitala imodzi akhala ndi mapesi oposa pang'ono 53,000. Phesi lililonse likabala chitsononkho chapakatikati cha maso olemera magalamu 100, akolola makilogalamu 5,300, ndiwo matumba 106 a makilogalamu 50. Mlimi wachiwiri abzala patalipatali, mapesi 15,000 okha pa hekitala. Pokhala phesi lililonse lili ndi malo ambiri, dzuwa lambiri ndi chakudya chambiri, libala chitsononkho chachikulu cha magalamu 250. Iyeyu akolola makilogalamu 3,750, ndiwo matumba 75. Kodi mphotho ya pa chionetsero ipita kwa yani? Kwa wachiwiri. Nanga nkhokwe yodzaza ili kwa yani? Woyamba amposa mnzake ndi matumba 31.

Chotero mukaima pa tebulo la mphotho, kapena pa malo a kampani yogulitsa mbewu, musangosirira. Funsani. Anthu amene aima pamenepo analembedwa ntchito yoyankha, ndipo safunsa anadya phula. Funso loyamba likhale lakuti, mbewuyi icha pa masiku angati? Kenaka mufunse ngati inapangidwira kumtunda kozizira kapena kuchigwa kotentha, feteleza amene ifuna kuti ibale monga pa chithunzipo, ngati makoko ake aphimba chitsononkho kufikira kunsonga, ndi mmene ikonokera mumtondo. Yankho lililonse mulilembe, pakuti pofika madzulo mutu udzakhala utasakaniza zonse.

Funso loyambalo ndilo ine sindinafunse mu 2014. Ndinali nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo ndinkadziyesa wodziwa. Ndinaona chimanga chachitali, chobala bwino, ndinagula kapaketi ka mbewu yake, ndi kukakakamiza bambo anga kwathu ku Balaka kuti tibzale pa gawo labwino la munda, pamene chaka chilichonse ankabzalapo mbewu yawo yocha msanga. Dzina la mbewuyo sinditchula, chifukwa mlandu sunali wa mbewu. Inali yabwino ku malo ake. Inali yofuna miyezi isanu ya chinyezi. Chaka chimenecho mvula inachedwa kuyamba, mu January 2015 inagwa yoononga ndi madzi osefukira, kenaka inaleka msanga. Chimanga changa chinakula mosiririka, anthu odutsa m'njira ankaima kuchiyang'ana, koma mvula inatha chikungotulutsa ngayaye ndi ndevu. Tinakolola mapesi. Kachigawo kamene mayi anabzalapo mbewu yakale, kumapeto kwa munda, ndiko kanatipatsako ufa wa miyezi yowerengeka. Bambo sanandikalipire. Anangoti, "Aphunzitsi, chaka chamawa muzikaphunzitsa ana, munda mutisiyire." Mawu amenewo andiwawa kufikira lero.

Opanga mbewu ayesetsa kutithandiza pa nkhaniyi. Inu nonse mudziwa maina a nyama amene kampani ya Seed Co inapatsa mbewu zake: Kanyani acha msanga, pa miyezi inayi kapena kuchepera, Mkango ali pakati, Njovu ichedwa, ifuna pafupifupi miyezi isanu, koma kumene mvula ikhalitsa ibala koposa zinzake. Njovu si yoposa Kanyani, ndipo Kanyani si woposa Njovu. Werengani masiku a mvula ya kwanu, kuyambira yobzalira kufikira yomaliza, pa zaka zingapo zimene mukumbuka, ndipo musankhe mbewu yokwana m'masiku a chaka chochepa mvula, osati a chaka chabwino.

Za mbewu ya haibulidi

Harare ndi malo oyenera kuphunzirako za haibulidi, pakuti mbiri yake ili komweko. Pa malo ofufuzira zaulimi a mumzindawo, Harry Arnold anayamba ntchito yokweretsa chimanga mu 1932, Alan Rattray naipitiriza, ndipo mu 1960 inatuluka mbewu yotchuka ya SR52. Inali haibulidi yoyamba pa dziko lonse ya makolo awiri okha kugulitsidwa kwa alimi.

Kapangidwe kake n'kotere. Akatswiri atenga mitundu iwiri ya chimanga, uliwonse naukwatitsa ndi mungu wake womwe kwa mibadwo yambiri, kufikira ukhala wofanana wonse koma wofooka ndi waufupi. Pamenepo abzala mitundu iwiriyo m'munda umodzi, mizere ina ya "amayi," ina ya "abambo." Ngayaye za mizere ya amayi azizula zisanatulutse mungu, kuti ndevu zake zilandire mungu wa abambo okha. Maso okololedwa pa mizere ya amayi ndiwo mbewu imene mugula m'paketi. Ana amenewa akhala amphamvu ndi ofanana msinkhu. Koma inu mukatapa m'nkhokwe zokolola zawo n'kubzalanso, adzukulu abalalika: ena aatali, ena aafupi, ena atengera kufooka kwa agogo awo aja, ndipo zokolola zitsika. N'chifukwa chake munthu wokugulitsani zitsononkho zokongola kuti mukachite mbewu akugulitsani chikomekome cha nkuyu.

Pali phunziro linanso pa SR52. Inabala kwambiri m'minda yaikulu ya kumtunda, koma amayi a kwathu sanaikonde, ndipo anali ndi chifukwa. Maso ake ndi ofewa, okhala ndi kadzenje pamwamba. Mumtondo aphwanyika, mphale yambiri n'kupita ku gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe aloweramo msanga. Akatswiri a ku Chitedze anamvera dandaulo limeneli, ndipo mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu za maso olimbirapo zimene zikonoka bwino. Ngati n'kotheka, pitani ku chionetsero ndi akazi anu. Iwo akaluma diso limodzi la chimanga adziwa zimene inu simungazione ndi maso.

Kwa alimi a fodya

Fodya wambiri wa ku Zimbabwe ndi wowotcha m'mabani ndi moto wodzera m'mipope, wa masamba achikasu. Wathu wambiri ndi bale, woumitsa ndi mphepo m'zigafa, ndipo ena a inu mulima chikopa, wofukiza ndi utsi. Tsono musataye mtima poona kuwala kwa fodya wawo. Ndi mtundu wina, ndipo kuwotcha kwake, kumene kutenga pafupifupi sabata pa bani imodzi, kudya nkhuni zambiri zedi. Amene aganiza zoyamba fodya wotere ayambe wafunsa za mabani osunga nkhuni, nawerenge mitengo imene ali nayo.

Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi kasankhidwe. Yang'anani kamtolo kamodzi ka masamba opambana mphotho. Onse ndi a pa msinkhu umodzi wa phesi, utali umodzi, mtundu umodzi. A pansi sanasakanizidwe ndi a pakati, a pakati sanasakanizidwe ndi a kunsonga. Mulibe nthenga ya nkhuku, mulibe kachingwe ka pulasitiki, mulibe mchenga. Izi sizifuna ndalama. Zifuna maso, kuwala kwabwino posankha, ndi kudekha. Belo losakaniza ligulidwa pa mtengo wa tsamba loipitsitsa limene lili m'menemo, ndipo belo lobisa zinyalala m'kati libwezedwa, mwini wake nalipira ulendo kawiri.

Mufunsenso za malamulo awo a masiku. Ku Zimbabwe mapesi onse a fodya ayenera kukhala atazulidwa pofika pa 15 May, nazale saloledwa kufesa lisanafike tsiku la 1 June, ndipo kuwokera m'munda sikuyamba lisanafike la 1 September. Mwina wina adzati, boma lilowereranji pa mapesi a m'munda mwanga? Chifukwa chake ndi nsabwe za m'masamba. Phesi losiyidwa m'munda liphukira, nsabwe zikhala pa mphukirazo chisanu chonse pamodzi ndi matenda amene zinyamula, ndipo nazale zikamera ziulukira komweko. Pakakhala masabata angapo opanda fodya wamoyo m'dera lonse, nsabwe zisowa pokhala. Koma mlimi mmodzi waulesi asungira mudzi wonse matenda. Masiku a kwathu ndi osiyana ndi awo, ndipo mlangizi wanu akuuzani, koma nsabwe n'zomwezo. Ine pobwerera ndinawerenga minda isanu ndi umodzi m'dera langa momwe mapesi anali chiimire mu September.

Akatswiri a ku Kutsaga, malo ofufuzira za fodya amene ali pafupi ndi bwalo la ndege la Harare, akhala akulangiza kwa zaka zambiri kuti fodya asabwerezedwe pa munda umodzi chaka ndi chaka, chifukwa cha tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene titupitsa mizu. Alimi a minda yaikulu amagoneka munda zaka zitatu ndi udzu wa Katambora. Inu a minda yaing'ono simungagoneke munda chotero, koma mungathe kusinthanitsa fodya ndi chimanga ndi mtedza, ndi kusuntha malo a nazale chaka chilichonse.

Kamunda ka mizere 52

Chinthu china chimene anzanga anachikonda ndi kalimidwe kotchedwa Pfumvudza, kamene bungwe la Foundations for Farming linayambitsa ndipo boma la Zimbabwe linakafalitsa kuyambira mu 2020. Ndi mbale wake wa ulimi wa mleranthaka umene muudziwa. Kamunda kake n'ka mamita 39 m'litali ndi 16 m'lifupi. Salima ndi khasu ponseponse, angokumba maenje: mizere 52, mzere uliwonse maenje 28, onse pamodzi 1,456, dzenje lililonse mapesi awiri. Athira manyowa m'maenjemo chilimwe chisanathe, naphimba nthaka ndi udzu kapena mapesi kuti chinyezi chisathawe. Cholinga chake n'chakuti mzere umodzi udyetse banja sabata imodzi, mizere 52 chaka chathunthu. Kunena zoona, kukumba maenje m'nthaka youma ya September ndi ntchito yowawa msana, ndipo kumene ng'ombe ndi mbuzi ziyenda momasuka m'chilimwe, zophimbira zidyedwa. Pa nthaka yosunga madzi, maenje angathenso kumiza mbewu chaka cha mvula yambiri. Koma nzeru yake ndi yoona: kamunda kakang'ono kobzalidwa pa nthawi yake ndi kupaliridwa bwino kaposa munda waukulu umene wakukanikani.

Ng'ombe muzione ndithu, makamaka za mtundu wa Mashona ndi Tuli, zimene ndi za m'Africa muno ndipo zipirira kutentha ndi nkhupakupa koposa zochokera kunja. Pa mathirakitala aakulu musachedwepo. Funani tizipangizo tokwana thumba lanu, monga kamakina kopukusa ndi manja kotongolera chimanga, ndi matumba osalowa mpweya osungiramo chimanga popanda mankhwala. M'thumba lotere tizilombo timaliza mpweya umene ulimo n'kufa tokha. Koma chimanga chiyenera kulowamo chitaumitsitsa, chinyezi chosaposa magawo 13 pa 100. Poyesa, ikani maso pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mudikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Pobwerera

Cholakwa changa cha mu 2014 chinali pawiri, pakuti kapaketi kaja ndinaoloka nako malire popanda chilolezo. Mbewu, mbande, zitsononkho ndi nyama yaiwisi siziloledwa kuoloka malire popanda makalata a boma otsimikiza kuti zilibe matenda. Lamuloli si lovutitsa anthu chabe. Nankafumbwe wamkulu uja, woboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, kwawo ndi ku Central America. Anafika ku Tanzania m'chimanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nalowa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo sanatulukemo. Chimene muyenera kubwera nacho ndi dzina la mbewu lolembedwa m'kabuku. Mukafika, mufunse mlangizi ngati mbewuyo, kapena yofanana nayo, inayesedwa ndi kuvomerezedwa kuno, ndipo muigule kwa wogulitsa wodziwika, m'paketi yosatsegulidwa.

Mukaipeza, musaipatse munda wonse monga ndinachitira ine. Patulani mizere khumi ya mbewu yatsopano pambali pa mizere khumi ya mbewu yanu yakale, utali wofanana, nthaka yofanana. Mubzale tsiku limodzi, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa muthire mofanana, mupalire tsiku limodzi. Mulembe tsiku lobzala, tsiku lotulutsa ngayaye ndi tsiku limene mvula yaleka. Pokolola musasakanize, chimanga cha mizere iyi chikhale m'matumba ake, cha mizere iyo m'matumba akenso, ndipo amayi akonoleko lichero limodzi la mtundu uliwonse kuti tione mphale yotsala. A m'kalabu mwathu mubwere ndi matumbawo ndi timabuku tanu ku msonkhano wa mwezi wa May. Sikelo ndidzabwera nayo ndine.